Ndani alembe m'kafayilo ka a Muhiwa?

Zinayamba Lachitatu lapitali, cha m'ma 3 koloko masana. Chiperoni chinali chitatsika m'phiri kuyambira m'mawa, ndipo m'chipinda chathu cha makompyuta ku Limbuli aliyense anali m'juzi, manja ali m'khwapa, kudikira kuti makina adzuke.

Kwa inu amene mwandipeza lero: masana ndimayang'anira chipinda chimenechi, pamalo pamene anthu akuluakulu amaphunzira kompyuta akaweruka kuntchito. Makina ake ndi akale, opatsidwa, ndipo amayendera pulogalamu yotchedwa Linux. Onse amakoka kuchokera ku kompyuta imodzi yaikulu imene ili pakona, moti munthu akakhala pampando uliwonse amapeza zinthu zake. Ntchitoyi ndaiyamba mwezi watha, mnzanga amene ankaigwira atasamukira ku tauni.

Mmodzi mwa ophunzira athu ndi a Muhiwa, kalaliki wa sikelo pa esiteti ina ya tiyi. Ndi munthu wamkulu, imvi zayamba. Moyo wawo wonse akhala akulemba makilo a tiyi ndi cholembera. Chaka chino kuntchito awauza kuti kukubwera sikelo za kompyuta, ndipo amene sadziwa kiyibodi adzamupezera ntchito ina. Mukudziwa inu tanthauzo la "ntchito ina" pa msinkhu umenewo. N'chifukwa chake a Muhiwa sajomba, kaya kugwe mvula.

Tsikulo anakhala pansi, napukuta magalasi, natsegula teminolo, kawindo kakuda kaja kamene timalembamo malamulo ouza kompyuta chochita. Pasikirini panatuluka malemba akuluakulu:

MKAMWINI, MBALE MWATSUKA?

Patapita kamphindi, kawindoko kanadzitseka kokha.

Anatsegulanso. Funso lomwelo, kenako phaa, katsekeka. Ulendo wachitatu, amene anakhala nawo pafupi anali ataona kale. Wina anabisa nkhope m'juzi. Wina analephera kudzigwira. Posakhalitsa chipinda chonse chinali phwete.

A Muhiwa anaimirira, natenga chipewa chawo.

"Aphunzitsi, ine ndapita. Kunyozedwa ndi anthu ndinazolowera. Koma mpaka makina?"

"Khalani pansi, achimwene. Makina sanyoza munthu. Alembedwa."

"Alembedwa ndi ndani?"

"Ndi zimene ndikufuna ndione."

"Muone bwino. Mawa m'mawa ndidutsa pano popita ku sikelo. Nditsegula kamodzi. Akandifunsanso za mbale, mpando wangawo mupatse wina. Bola akandipatse khasu ku esitetiko."

Anatuluka, chiperoni chikuwanyowetsa mapewa. Otsalawo anaweramira makiyibodi awo, aliyense nkhope ya mkulu wa mpingo.

Mundilole ndifotokoze pang'ono, sindichulutsa.

Wophunzira aliyense pa kompyuta yathu ali ndi foda yakeyake, ngati kanyumba. M'kanyumbamo muli kafayilo kobisika, dzina lake .bashrc. Mwini wake akangotsegula teminolo, kompyuta imayamba yawerenga kafayiloko n'kuchita zonse zolembedwamo, isanamve china chilichonse. Mukalembamo kuti izikupatsani moni, ikupatsani. Mukalembamo kuti ifafanize ntchito yanu ya mwezi wonse, ifafaniza. Sifunsa kuti walemba ndani. Imangoti mwalamula ndinu.

Ndiye fayilo iliyonse ili ndi mwini wake, ndiponso ili ndi zitseko zitatu: cha mwiniyo, cha gulu lake, ndi cha wina aliyense wodutsa m'njira.

Nditayang'ana, ndinapeza zitseko zonse zili pululu. Osati kwa a Muhiwa okha ayi, kwa aliyense. Mnzanga uja anali munthu wamtima wabwino. Zikuoneka kuti atatopa ndi anthu omuitana kuti "yakana, yakana", anangotsegula paliponse ndi nambala yotchuka ija, 777. Aliyense alowe kwa aliyense, tizithandizana.

Ndipo wina anathandizadi. Pansi pa kafayilo ka a Muhiwa panali mizere yatsopano: wina wofunsa za mbale, wina wotseka kawindo. Analemba ndani? Pakhomo popanda chitseko, mapazi onse ndi ofanana. Sindikumudziwa mpaka lero.

Ndinafafaniza mizereyo. Pamwamba pake panali ina, yabwinobwino. Wina unkatulutsa mawu akuti "Mwamwa mankhwala?" Ina inali yofupikitsa malamulo ataliatali, kuti munthu azingodinda chilembo chimodzi, tebulo la makilo ophunzirira n'kutseguka. Ndinati mumtima, a Muhiwa apita patsogolo, mpaka akudzikumbutsa okha za mankhwala. Ndinaisiya.

Kenako ndinaimbira wapampando wa komiti yathu, chifukwa kusintha zinthu za anthu onse osauza akuluakulu si khalidwe.

"Tsekani zonse," anatero wapampando. "Ziikeni m'dzina lanu. Wofuna kusintha kanthu azibwera kwa inu."

"Nanga ndikapita kumaliro ku Thuchila?"

"Azidikira."

"Anthuwa abwera kudzaphunzira, bwana. Aphunzira bwanji pa chinthu chimene sangachikhudze?"

"Inu ndiye katswiri. Koma ndisamvenso kuti kompyuta yatukwana munthu."

Ndinasankha njira ina: chilichonse chibwerere kwa mwini wake. Kuchita zimenezi foda imodziimodzi ndi dzanja ndiye kuitana zolakwika, poti pofika pakati maso amakhala atatopa. Ndinalemba sikiripiti, ndiye kuti kamndandanda ka malamulo kamene kompyuta imatsatira yokha. Yanga inali yaifupi. Itenge dzina la wophunzira pamene kompyuta imasunga maina a maakaunti. Ilowe m'foda mwake. Ipeze .bashrc ndi mnzake .profile. Ndi lamulo la chown, iike dzina la mwini foda pa mafayilowo. Ndi lamulo la chmod 600, itseke kuti mwini yekha ndiye aziwerenga ndi kulemba. Itsekenso chitseko cha fodayo, chifukwa kukhoma bokosi nyumba ili yosatseka n'kudzinamiza: munthu anyamula bokosilo n'kusiyapo lake. Kenako ipite kwa wotsatira.

Sindinaiyendetse nthawi yomweyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinaiuza kaye kuti ingonena zimene ikufuna kuchita, osachita. Sikiripiti ndi wantchito womvera mopitirira: mukamutuma molakwa, alakwitsa nyumba zonse mofanana, musanamalize ndi kuyasamula komwe.

Powerenga zimene inanena, ndinaona kanthu kamodzi kachilendo. Kafayilo ka m'foda ya a Muhiwa sikanali m'dzina lawo. Kanali m'dzina la akazi awo, mayi a Tereza, amenenso amaphunzira nafe, koma m'kalasi ya m'mawa. Ndinati, zimenezi ndiye zimene tikukonzazi. Ndinaiyendetsa. Inamaliza ndisanabweze dzanja pa kiyibodi.

Ophunzira atapita, ine ndikutseka mawindo, ndinamva belu la kabaza panja. Analowa mayi a Tereza, mtolo wa makapulana, zitenje za kutsidya ku Milange, uli pamutu. Mayiwa amachita malonda a zitenje pakati pa malire a ku Muloza ndi misika ya kuno, ndipo amalankhula Chipwitikizi cha pamsika chimene chimagwetsa mitengo.

"Aphunzitsi, musatseke. Kamphindi kokha."

Anatula mtolowo, nakhala pa kompyuta yoyandikira chitseko. Zala zawo zimathamanga, osati za amuna awo. Kenako zinaima. Kompyuta inali itawayankha m'Chingerezi chake chachidule kuti saloledwa.

"Aphunzitsi, yakana."

"Mukulowa kuti, mayi?"

"Kwa bambo a Tereza."

"Kumeneko ndatseka."

Anatembenuka ndi mpando womwe.

"Mwatseka? Wakutumani ndani?"

Ndinawafotokozera za mbale zija. Poyamba anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kenako nkhope inasintha.

"Wachita zimenezo ndikamudziwa, adzatsuka mbale za mudzi wonse. Bambo ajatu satsuka mbale. Akatsuka ndimabwereza. Koma nanga ine ndalakwanji?"

Apa ndi pamene ndinamva nkhani yonse. A Muhiwa atangoyamba sukulu, zala zinkawavuta. Mayiwa ndi amene anakopa kafayilo kawo n'kukaika m'foda ya amuna awo, ndi tinjira tachidule tonse tija. Kuyambira pamenepo akhala akusiyamo mauthenga. Foni ya a Muhiwa imakhala m'thumba, yozima, ndipo ya mayi ikafika ku Muloza imathawira netiweki ya kutsidya. Koma teminolo bambo amaitsegula tsiku lililonse, ndipo amawerenga chilichonse chotuluka pamenepo mwaulemu, ngati kalata ya kuboma.

"Ndikawauza pakamwa za mankhwala a BP, amati ndikulongolola. Ikawauza kompyuta, amamwa. Lero ndimafuna ndilembe kuti Lachisanu ndi tsiku lawo la kuchipatala. Tsegulani."

"Sindingatsegule, mayi."

"Simungathe, kapena simukufuna?"

"Kutha ndingathe. Koma mwini wake ndiye anene."

"Mwini wake? Kafayilo kameneko ndinalemba ndine, mzere uliwonse!"

"Munalima ndinu. Koma munda ngwawo."

Anandiyang'anitsitsa. Kenako anawomba m'manja kamodzi.

"Ee! Ndiye kuti m'menemo mkamwini ndine?"

"Zikuoneka choncho."

"Aphunzitsi, inu munakwatira kuti?"

"Ku Thuchila, kwa akazi anga."

"N'chifukwa chake. Mwapangana." Ananyamula mtolo wawo. "Mawa muwafunse. Tione ngati angandikanize, munthu wogona m'nyumba ya pamalo a amayi anga."

Madzulo amenewo, ndikupalasa njinga kubwerera kunyumba, nkhaniyi sinandichoke m'mutu.

Ife tili ndi matenda awiri, ndipo timangosinthanitsa.

Oyamba ndi otsegula paliponse. Timawatcha chikondi. Ndi angati mwa inu amene munasiya foni kwa wokonza mafoni pamsika, ndi nambala yake yachinsinsi yomwe, inu n'kupita kukagula tomato? Ndi angati amene akaunti yanu ya pa intaneti anakutsegulirani mlamu wanu, ndipo pasiwedi akuidziwa ndi iyeyo, inu ayi? Tikafunsidwa timati, "Aaa, ndi wathu yemwe uja." Inde ndi wathu. Amene anafunsa a Muhiwa za mbale nayenso ndi wathu. Amakhala nawo m'chipinda chimodzi, mwina anabwerekako cholembera chawo.

Ndipo wachipongwe uja anangochita nthabwala chabe. Akanafuna, akanalemba mzere wotumiza chipongwe kwa wina m'dzina la a Muhiwa, iwo n'kumalumbira kuti sakudziwa kanthu, ife n'kumati akunama.

Matenda achiwiri amabwera oyambawo akatipweteka. Timatseka zonse, kiyi n'kupatsa munthu mmodzi. Simunafikepo pa ofesi n'kuuzidwa kuti chimene mukufunacho chilipo, koma amene ali ndi kiyi wapita kumaliro? Simunaonepo mabuku atsopano akudyedwa ndi chiswe m'kabati, chifukwa akuluakulu akuopa kuti ana awang'amba? Pamenepo palibe wakuba, n'zoona. Palibenso wowerenga.

Pakati pa matenda awiriwa pali funso limene sitikonda kulifunsa, chifukwa limachedwetsa: chinthuchi n'cha ndani, ndipo mwini wakeyo akufuna alowe ndani?

Kuno kwathu funso limeneli sitiyenera kuphunzitsidwa ndi kompyuta. Timalidziwa kuyambira kale. Ine ndinabzala mapeyala ndi nthochi pamalo a apongozi anga. Ndimathirira, ndimadya, ndimagulitsako. Chilolezo ndili nacho chonse. Koma sindingadzuke m'mawa n'kuitana munthu kuti adzamange pamenepo. Sindidandaula. Mwambowu unasunga akazi ndi ana ambiri amene kwina akanathamangitsidwa bambo atamwalira. Ndikungonena kuti kusiyana kwa mwini ndi wololedwa timakudziwa bwino pa nthaka. Nanga bwanji tikafika pa foni ndi pa kompyuta timakuiwala?

Komabe mayi a Tereza anandiphunzitsa mbali imene sikiripiti yanga sinkaidziwa. Kwa iyo, aliyense amene si mwini ndi mlendo. Wachipongwe ndi wokumbutsa za mankhwala inawatulutsa pakhomo limodzi. Lamulo lofanana kwa onse ndi labwino poyambira. Koma lamulo silidziwa kuti m'nyumba muno ndani amadwala BP.

Kodi ndikanangowatsegulira mayiwo? Zinali zosavuta, mzere umodzi. Cholinga chawo n'chabwino, ndipo ine ndikuwakhulupirira. Koma ndikanatero, ndikanakhala wachitatu kulowa m'kanyumba ka a Muhiwa osagogoda. Woyamba anabwera ndi chikondi, wachiwiri ndi chipongwe, ine ndi kiyi wa ofesi. Mwini wake n'kumangomva pambuyo, monga mwa masiku onse.

M'mawa mwake ndinalawira. Ndinatsegula chipinda, ndinayatsa kompyuta yaikulu, ndipo ndinakonza kagulu ka anthu awiri, bambo ndi mayi a Tereza, ndi kanjira koti mayi angadutsire kufika pa kafayiloko. Koma chitseko chenichenicho ndinachisiya chotseka.

A Muhiwa anafika atavala jekete la kuntchito. Sanavule chipewa. Anakhala pansi ngati munthu amene sakhalitsa, natsegula teminolo.

Panatuluka mawu akuti "Mwamwa mankhwala?" Kawindo kanakhala chotsegukabe.

"Ndamwa," anayankha motsitsa mawu. Anadikira pang'ono. Za mbale sizinabwere.

Ndinawaonetsa mzere umene kompyuta imalemba mwini wa fayilo. Anayandikitsa nkhope, nawerenga ndi chala.

"Ili ndi dzina langa."

"Lanu."

"Dzulo panali la ndani?"

"La mayi."

"Hmm." Anavula chipewa n'kuchiika pa bondo. "Anandiuza usiku. Akuti mwawatsekera kunja ngati mbuzi."

"Akufuna muwatsegulire. Koma ndikuchenjezeni kaye, achimwene. Amene angalembe m'kafayilo aka angathe kuchita chilichonse m'dzina lanu."

"Zimenezo anayamba kalekale, kompyuta isanabwere."

"Ndiye mukuti bwanji?"

Anayang'ananso dzina lija.

"Ndikakana?"

"Mwakana. Palibe angakukakamizeni. Ngakhale wapampando."

"Ngakhale malume a akazi anga?"

"Ngakhale malume awo."

Anamwetulira pang'onopang'ono, kumwetulira kwa munthu amene wapeza ndiwo zotsala dzulo zikadalipo.

"Nanga ndikatsegula lero, ndingadzatsekenso?"

"Tsiku lililonse mungafune."

"Ndionetseni kaye potsekera."

Ndinawaonetsa. Analemba ndi chala chimodzi, chilembo ndi chilembo: chmod g-rw .bashrc. Anabwereza kawiri, pakamwa pakuyenda, kuti zikhazikike. Kenako ndinawauza kuti potsegula amangosintha kachizindikiro ka pakati, kochotsera kakhale kophatikiza. Anasintha okha. Anadinda batani lalikulu ngati akudinda chidindo pa kalata.

"Muwauze kuti alowe," anatero akuimirira. "Koma muwauze kuti ndawatsegulira ndine, osati inu. Ndipo masana mundisungire mpando wa pafupi ndi windo. Pamene ndimakhala paja pamadontha."

Atatuluka, ndinatsegula sikiripiti yanga. Ikanayendanso momwe inalili, bwenzi itatseka mwakachetechete chitseko chimene mwini wake wangotsegula kumene. Ndinafafaniza 600 uja, ndipo m'malo mwake ndinalemba lamulo lotsekera odutsa m'njira okha. Za m'nyumba ndinasiyira eni nyumba.